Tulo ta Lachinayi

Mayi Nhan anali atanyamula mbale yachitatu ya mpunga pamene Quyen anaona banga lija. Linali pansi pa phewa lamanzere, pa malaya oyera a maliro, lachikasu pakati, m'mbali mwake mofiirira. Dzulo lake panalibe.

"Amayi, taimani kaye."

"Ndiime bwanji abambo ako asanadye?"

Anaika mbaleyo patebulo la nsembe, kutsogolo kwa chithunzi cha malemu. Mbale yapakati inali yodzaza, ndi timitengo todyera tiwiri. Za m'mbali zinali za theka, kamtengo kamodzikamodzi, kuti mizimu yanjala yongodutsa izidya movutikira, isamulande chakudya mlendo watsopanoyo. Anathira tiyi, nayatsa zofukiza, zonsezo ndi dzanja lamanja lokha. Lamanzere anali atalipana m'nthiti.

Bambo Truc anamwalira Lachisanu masana, atangotsitsa kasitomala pa siteji ya kabaza ya pafupi ndi doko la ku Vinh Long. Anzawo amati anazimitsa njinga yamoto bwinobwino, kuiimika, kenako n'kukhala pansi ngati akufuna kumanga nsapato. Sanadzukenso. Anaikidwa m'manda Lamulungu. Tsopano linali Lolemba, ndipo Quyen, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ku fakitale ya nsapato anamupatsa masiku khumi okha, anali asanapeze mpata wolira bwinobwino. Sikuti anali wouma mtima ayi. Maso ake anali pa wamoyoyu.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, madokotala a ku Saigon anaika kachipangizo pansi pa khungu la pachifuwa pa mayi Nhan, kokhala ndi mawaya awiri olowa mumtsempha mpaka mumtima, kuti mtimawo uzikumbutsidwa kugunda. Kanagwira ntchito mokhulupirika. Koma atasintha batire miyezi itatu yapitayo, bala linakana kupola. Linatupa, linafiira, kenako linayamba kutuluka mafinya. Madokotala anati tizilombo takhazikika pa kachipangizoko ndipo tikutsetsereka ndi mawaya kulowera kumtima. Mapiritsi angotichedwetsa, sangatithe. Zonse ziyenera kuzulidwa, kachipangizo ndi mawaya omwe. Anawapatsa tsiku: kugonekedwa m'chipatala Lachitatu, kuzula Lachinayi. Ndiye taonani mmene imfa imasowera ulemu! Lachinayi lomwelo ndilo linali tsiku lachisanu ndi chiwiri la malemu, pamene amonke, ansembe a kukachisi, amabwera kunyumba kudzatsogolera mapemphero.

"Ndalankhula kale ndi wagalimoto," anatero Quyen. "Abwera Lachitatu dzuwa likangotuluka."

"Umuuze asavutike."

"Amayi!"

"Wamva zimene anena amako," anayankha mawu ena kuchokera kukhitchini.

Anali azakhali a Diep, mlongo wamkulu wa malemu, kamunthu kakafupi koma mawu omveka mpaka kutsidya kwa msewu. Anatulukira akupukuta manja pa thalauza. Iwo ndiwo anayendetsa maliro onse, ndipo Loweruka anawoloka mtsinje kukaonana ndi mkulu wina wowerenga masiku. Mkuluyo atawerengetsa chaka chobadwa cha Truc ndi ola limene anatsikira njinga, anapukusa mutu. Ola loipa, anatero, ola losapita lokha. Womwalira nthawi yotere amakoka wina wa m'nyumba mwake asanathe masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi.

"Ndiye iwe ukufuna kuwatenga amako, kukawagoneka ndi mankhwala aja?" anatero azakhali. "Munthu akagonekedwa chotero mzimu umamasuka, umangoyendayenda pakhomo. Ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, pamene mwini wake akubwerera kudzazonda nyumba! Si kumupatsira m'manja kumeneko?"

"Azakhali, taonani malaya awowa. Awa ndi mafinya, si mizimu."

"Usandiphunzitse, mwana iwe. Bambo athu atamwalira ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chaka chisanathe tinaika alongo anga awiri, wina wamadzi, wina wamalungo. Anatsala Truc yekha. Ine ndinaziona ndi maso angawa, iwe unali kuti?" Mawu awo ananjenjemera, koma anawagwira msanga. "Ndipo sindili ndekha. Anzake a kabaza aja unawaona? Amuna asanu ndi anayi, anthu omwa mowa wa mpunga ngati madzi, onse kukana kapu pamaliro a mnzawo! Akudziwa kuti maliro awa ndi otentha. Tidikire masikuwo akwane, basi."

Quyen anayang'ana amayi ake kuti mwina anenapo kanthu. Iwo anali kalikiliki kuwongola zofukiza zimene zinali zowongoka kale.

Lachiwiri thupi la mayi Nhan linadzuka lotentha. Anakana, koma milomo youma inawaulula. Quyen anatenga foni ya malemu, imene inali m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi makiyi a njinga, nafufuza manambala. Bambo ake ndiwo ankayendetsa zonse zakuchipatala, mapepala, masiku, mafunso. Anapeza nambala yolembedwa kuti "Dokotala wa tulo." Anaimba yoonana nkhope, n'kuitsamiritsa foniyo ku botolo la msuzi wa nsomba patebulo.

Dokotala Khue anali mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, wolankhula mothamanga, ndipo anamupeza akudya. Atamva za maliro anaika supuni pansi.

"Pepani kwambiri, mayi. Bambo Truc ankandiimbira kawirikawiri. Mafunso awo ankaposa a ophunzira anga."

Mayi Nhan anagwedeza mutu, kenako anakhala tsonga mmene ankakhalira pamsika, pamene anagulitsa phala la mpunga zaka makumi atatu osalola munthu kuwadyera masuku pamutu.

"Adokotala, pondiikira kachipangizoka sanandigonetse. Anangobaya jakisoni pamalopo, ine ndikumva zonse, mpaka nesi wina ankadandaula za mwamuna wake woledzera. Muchite chimodzimodzi. Muzule ndili maso."

"Kuika n'kwina, kuzula n'kwina, mayi. Waya wa chaka chimodzi timatha kumusolola munthu atangowodzera pang'ono, tikumuitana iye n'kumayankha. Anuwo atha zaka khumi ndi chimodzi. Mnofu wamera n'kuwakumbatira, amamatirana ndi mtsempha. Mnzanga amalowetsa kapaipi kovala wayayo, n'kumadula mnofu umenewo pang'onopang'ono mpaka kumtima. Mukangotsokomola kapena kugwedeza phewa pa nthawi yolakwika, mtsempha ung'ambika. Ukang'ambika tili ndi mphindi zochepa zoti titsegule chifuwa, ndipo sindingayambe kukugonetsani nthawi imeneyo. Muyenera kukhala mutagona kale, tulo tatikulu, makina akukupumirani."

"Theka. Mundigonetse theka."

"Mayi, pano si pamsika."

"Ndiye tidikire masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi," analowerera azakhali a Diep, akusuzumira pa phewa la mlamu wawo.

Dokotala anawayang'ana onse awiri. "Sindikunamizani. Thupi layamba kale kutentha. Tizilomboto tikakhazikika m'kati mwa mtima, mwina ngakhale masiku makumi awiri simuwaona. Ndipo mukaphonya Lachinayi, madokotala otsegula chifuwa amene ayenera kudikirira pambali sindiwapezanso pamodzi mpaka milungu itatu. Za mizimu sindinaphunzire, sindingatsutse, sindingavomere. Chimene ndinganene n'chakuti ndidzakhala kumutu kwanu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sindidzachokapo ngakhale kukamwa madzi."

"Zikomo, adokotala," anatero mayi Nhan mwaulemu wonse, ulemu uja munthu amaupereka akatsimikiza kuti sachita zimene wauzidwa. Anadina foni okha.

Masana azakhali atapita kumsika, Quyen anawakhazika amayi ake pa mpando kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mtengo wa mango, kuti atsuke bala. Atamatula nsalu, fungo linamumenya m'mphuno. Khungu linali lopyapyala, lonyezimira, ndipo pakona pake pankaoneka kachitsulo. Anawayang'ana amayi ake mokwiya.

"Inu simukhulupirira zimenezi. Ndimakudziwani. Munkaseka azakhali akamakana kusesa pa chaka chatsopano. Ndiye lero mukuopa kuti ababa akukokani? Ababa amene sankapha ndi mphemvu yomwe?"

Mayi Nhan anayang'ana nkhuku zikupalasa.

"Sindikuopa kuti andikoka," anatero pomaliza. "Abambo ako sanandikakamizepo kanthu chikwatiranireni. Ndikudziopa ndekha."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndikakagona tulo timeneto n'kuwaona ataima uko, ukuganiza kuti ndidzabwerera? Sadzasowa n'kundiitana komwe. Ndidzangonyamuka n'kuwatsata. Masiku anayi okha awa ndatopa, Quyen. Ndimadzuka, ndimaphika, ndimaika mbale, mpunga umazizira pomwepo. Ndili maso ndimatha kudzigwira. Ndikagona sindikudziwa."

Quyen anamva ngati wina wamuponda pamtima. Anayembekezera mantha, ndipo mantha anali atawakonzera mayankho. Izi sanaziyembekezere. Chimene chinatuluka m'kamwa mwake chinali chaukali kuposa mmene ankafunira.

"Nanga ine? Ine si munthu? Lamulungu ndaika bambo, ndiye mukufuna mwezi wamawa ndidzaikenso mayi? Mukakhala pano mufa ndithu, mwamva nokha. Mukapita mwina mudzuka. Ine ndasankha mwinayo. Galimoto ikubwera mawa, ndipo ngati n'kukuberekani kumsana ndikuberekani, anthu aseke."

"Wayamba liti kulankhula ndi amako chonchi?"

"Lero."

Anamata nsalu yatsopano mosamala, namanga mabatani a malaya a amayi ake mmodzimmodzi. Kenako analowa m'nyumba n'kuyamba kulongedza chikwama: zovala ziwiri, sopo, mapepala onse a kuchipatala, kapu yawo yachitsulo. Sanabise. Anachiika pakhomo penipeni kuti aliyense wodutsa achione.

Lachitatu galimoto inafika nthawi yake. Woyendetsa anatsegula chitseko chakumbuyo, nadikira. Mayi Nhan anali atakhala pamkeka pafupi ndi tebulo la nsembe, miyendo atapinda, nkhope ili gwa. Azakhali a Diep anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Udutsa pa ine," anatero.

"Ndidutsa, azakhali. Ndimakulemekezani, koma ndidutsa."

Quyen anali atavula kale nsapato kuti akawanyamule amayi ake pamene kunja kunamveka chiphokoso cha njinga zamoto. Zinalowa m'kanjira kawo motsogozana, zisanu ndi zinayi, n'kuima mondondozana kumpanda. Amunawo anatsika, zipewa zawo zolimba m'manja, aliyense atavala malaya ochapa, ena mpaka ometa ndevu. Patsogolo panali Bambo Tong, chimunthu chamimba, mnzawo wa malemu wa pa siteji kwa zaka makumi awiri. Anagwada kaye pakhomo kulonjera chithunzi, kenako anatembenukira kwa mayi Nhan.

"Alamu, mwakonzeka? Ife takonzeka."

"Mwakonzekera chiyani?" anafunsa Quyen.

Bambo Tong anayang'ana anzake, kenako Quyen. "Aa! Truc sanakuuzeni? Koma munthu ameneyu!" Anakanda mutu. "Kuchipatala anamuuza kuti pa ntchito imeneyi pamafunika magazi odikirira pambali, ndipo mosungira mwawo achepa, ndiye abale abweretse anthu opereka. Iye n'kutambasula mkono wake pomwepo. Nesi n'kumuseka, akuti agogo, zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri, magazi anu apume. Anabwera pa siteji atakwiya ngati wamuba mafuta. Ndiye anayamba kutisankha mmodzimmodzi."

"Anatiyeza pa sikelo ya mayi wogulitsa nsomba," anawonjeza wina wamtali kumbuyo. "Phat anapelewera kulemera, anam'bweza ngati nsomba yowola."

"Ndinabwereranso atandidyetsa chiwindi masiku asanu!" anakuwa Phat, ndipo ena anaseka, kenako n'kudzigwira pokumbukira kuti ali pamaliro.

"Chovuta chinali mowa," anapitiriza Bambo Tong. "Anatiletsa. Akuti mkazi wanga sindimupatsa magazi onunkha kachasu wa mpunga. M'mawa uliwonse ankatinunkhiza m'kamwa ngati ana asukulu. Lachisanu lomwe lija, ola limodzi asanagwe, anali akundikalipira ine chifukwa cha kabotolo kamodzi. Ndiye pamaliro paja azakhali mukutipatsa kapu, mmero ukuchita kulira, koma tikayang'ana chithunzicho, maso ake ali pa ife. Chibadwire sindinathepo sabata ndili wouma kukhosi chonchi. Mkazi wanga akuganiza kuti ndikufuna kulowa umonke."

Panalibe amene anaseka tsopano. Bambo Tong anatembenuza chipewa chake m'manja.

"Ndinamufunsa kuti, Truc, anthu asanu ndi anayi onsewa a chiyani, akufuna anayi okha. Iye akuti, ena akakanidwa, ena akathawa singano. Akuti, mkazi wanga akagona ndikufuna pakhale chomudzutsira chokwanira. Ndiye ife tabwera, alamu. Mwini wake wapita, koma mawu tinapereka."

Quyen anamva misozi imene anaisunga masiku asanu ikukwera, ndipo anailuma ndi mano. Nthawi yake inali isanakwane. Anayang'ana azakhali ake.

Azakhali a Diep anali atatsitsa manja. Anayang'ana amuna aja mmodzimmodzi, kenako chithunzi cha mlongo wawo.

"Chitsiru," anatero motsitsa. "Chitsiru cha mlongo wanga. Kuyambira ali mwana, zinthu kuchita mobisa." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ola lake ndi lokoka, zimenezo sindisintha, mkulu uja sanama. Koma munthu wofuna kukoka mkazi wake sayenda n'kumanunkhiza anzake m'kamwa." Anapatuka pakhomo, masitepe awiri okha, koma anapatuka.

Mayi Nhan anali asanasunthe. Anayang'ana mpunga wa m'mbale yapakati, umene unali utasiya kutuluka nthunzi.

"Nanga mawa adya chiyani? Amonke awalandira ndani?"

"Ine ndafa kodi?" anakalipa azakhali. "Ndinamuphikira asanakudziweni inu, alamu."

"Mpunga saukonda wofewa."

"Ndikudziwa."

"Nsomba muziichotsa minga. Amachita ulesi, amangoisiya."

"Ndati ndikudziwa! Nyamukani, anthu aumitsa kukhosi sabata yathunthu chifukwa cha inu."

Mayi Nhan anagwira m'mphepete mwa tebulo nadzuka okha, kukana dzanja la mwana wawo. Azakhali anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi kapepala kachikasu kolembedwa ndi mkulu wowerenga masiku uja, nakamangirira ndi ulusi kumwendo kwa mlamu wawo. Quyen sanatsutse. Akanalola ngakhale mapepala khumi.

Galimoto itawoloka mlatho waukulu, njinga zisanu ndi zinayi zili pambuyo, mayi Nhan analankhula osatembenuka, maso ali pawindo.

"Ndikupita chifukwa cha manyazi ndi anthu awa. Koma sindikukulonjeza kanthu, wamva?"

"Ndamva. Ine ndiye ndikukulonjezani. Ndidzakuitanani mpaka mudzatope nane."

Kuchipatala anawagoneka pa bedi, nawaika diripi ya mankhwala opha tizilombo. Amuna aja anapita kopereka magazi. Asanu ndi awiri analandiridwa, mmodzi anabwezedwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo Bambo Tong, chimunthu chonse chija, anakomoka atangoona singano. Atatsitsimuka anaumirira kuti amubaye atatseka maso, ndipo anapereka. Madzulo Dokotala Khue anabwera kudzaona wodwala wake. Anawayang'ana m'kamwa, kuwafunsa za mano ogwedera, n'kuwauza kuti asadye kanthu mpaka ntchito itatha. Ataona kapepala kachikasu kumwendo, anangokakuta ndi bandeji yoyera kuti kasadetsedwe.

Lachinayi m'mawa anawakankha pa bedi lamatayala mpaka pa chitseko cha kufiyeta. Apa ndi pamene achibale amathera. Dokotala Khue, atavala zobiriwira, anabaya kamankhwala koyamba mu diripi.

"Aka n'kongokukhazikani mtima pansi, mayi. Tulo tenitenito tikakupatsani m'katimo. Mukamva kuzizira kukukwera mumkono, kenako basi."

Patapita mphindi zochepa zikope za mayi Nhan zinayamba kulemera. Anakweza dzanja lamanja, nayamba kusalaza tsitsi lawo la imvi limene linali litanyankhalala ndi pilo.

"Quyen. Chipeso chili m'chikwama. Tandipesa."

Quyen anali atatsegula kale chikwama pamene anazindikira. Amayi ake sanali munthu wosamala za tsitsi pamaso pa madokotala. Ankadzikonzera wina. Anatseka chikwamacho.

"Sindikupesani."

"Iwe!"

"Sindikupesani, amayi. Mupita chomwecho, mutu ngati chisa cha mpheta. Ngati mukufuna kupesedwa mubwere kuno, ndidzakupesani ine."

"Mwana wopanda ulemu," anatero mayi Nhan, lilime litayamba kulemera. "Watengera azakhali ako."

Nesi anawaveka kachipewa kapepala, ndipo chitseko chinatsekeka.

Kudikira kulibe nkhani. Quyen anakhala pa benchi, anaimirira, anakhalanso. Anzake a malemu anali atabwerera ku Vinh Long kukagwira ntchito, kupatula Bambo Tong, amene anakhala chapatali akupukusa chipewa chake. Cha m'ma teni azakhali anaimba foni osalankhula kanthu, anangoitembenuzira kwa amonke kuti Quyen amve mapemphero ndi kabelu kakulira m'nyumba mwawo. Ola lachitatu litadutsa, nesi anatuluka akuthamanga, n'kubwerera atanyamula bokosi lozizira. Quyen anadziwa chimene chinali m'bokosimo. Anapita kukaima pa chitseko penipeni, chipumi atagunditsa pa galasi losaonekera, nayamba kuitana. Sanakuwe. Ankangoti, "Amayi. Amayi. Amayi," monga ankachitira ali mwana akafuna kanthu pamsika, mpaka mlonda anabwera kuti amuchotse, koma atamuona nkhope anabwerera.

Dzuwa litapendeka Dokotala Khue anatuluka, chipewa chitanyowa ndi thukuta.

"Mawaya onse awiri atuluka. Woyamba sanavute. Wachiwiri anakakamira, mtsempha unachucha, tawapatsa matumba atatu a magazi, koma chifuwa sitinatsegule. Tawaikira kawaya kongoyembekezera pakhosi mpaka bala litayera. Ndachotsa paipi yopumira, akupuma okha." Anamwetulira motopa. "Tsopano ndikukamwa madzi."

Bambo Tong anakhala pansi pomwepo n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Dokotala anamulola Quyen kulowa kwa mphindi zisanu zokha. Amayi ake anali ang'ono pakati pa mapaipi ndi makina, milomo yotuwa, maso otseka. Pa galasi la pamwamba pa bedi kamzere kobiriwira kankadumpha mosaphonya. Anawagwira dzanja.

"Amayi."

Zikope zinagwedera, kenako zinatseguka. Maso anayendayenda padenga, pa makina, pa nesi, n'kudzaima pa Quyen. Anamuyang'ana nthawi yaitali ngati akuwerenga kumene ali.

"Zatha, amayi. Azula zonse."

Milomo inasuntha. Quyen anawerama kuti amve, pakuti mawu anali osasa chifukwa cha paipi ija.

"Sanabwere."

"Ndani?"

"Abambo ako." Anameza malovu movutikira. "Zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ndikaweruka pamsika ndinkawapeza pageti, injini ikulira. Mvula, dzuwa, sanachedwepo ndi tsiku limodzi. Lero ndapita mpaka kumeneko. Mdima wokhawokha. Ngakhale kulira kwa njinga, ayi."

Misozi inatsika m'mbali mwa maso kulowera m'makutu. Aka kanali koyamba Quyen kuwaona akulira chimwalirireni bambo ake, ndipo nayenso sanathenso kudzigwira. Analira onse awiri, nesi akuyang'ana kumbali.

"Mwina ndi mankhwala, amayi. Adokotala akuti munthu salota."

Mayi Nhan anapukusa mutu pang'onopang'ono pa pilo. Anafinya dzanja la mwana wawo, ndipo mphamvu yake inamudabwitsa Quyen.

"Iwe suwadziwa," anatero. "Anadziwa kuti akabwera ndi njinga ndikwera. Achita dala. Nkhalamba yamakani ija yachita dala."